Ma strings a pa kompyuta: kasankhidwe kake ndi kaimbitsidwe kake

Funso lake silisintha: "Akulu, ndigule library iti kuti ma strings anga azimveka ngati a m'mafilimu?" Amafunsa ojambula nyimbo zauzimu, amafunsa anyamata a mabiti, amafunsanso amene apata kaganyu koika nyimbo pansi pa kanema wa bungwe linalake. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kamodzi, aliyense azidziwerengera yekha.

Ndineneretu kuti ambiri mwa inu library si imene ikukulakwirani. Mukagula ya madola 400 n'kumaiimba mopondereza zala zisanu pa kiyibodi nthawi imodzi, idzamveka chimodzimodzi ndi yaulere imene muli nayo kale. Kusankha kuli ndi malo ake ndipo tiyambira komweko, koma nkhani yeniyeni ili pa sitepe 5 ndi 6.

1. Dziwani chimene mukugula

Library ndi mawu a zoimbira zenizeni amene anajambulidwa n'kudulidwa tizidutswa. Kampani imasonkhanitsa oimba m'holo n'kuwauza kuti aimbe noti iliyonse payokha: motsitsa, mwapakati, mokweza, mokoka uta pang'onopang'ono, moudumphitsa, kapena moliza nsambo ndi chala. Tizidutswa timeneti ndiye ma sample. Mukadina kiyi, pulogalamu imasankha koyenera n'kukaliza.

Mu okestra ma strings, zoimbira za nsambo zolizidwa ndi uta, ali m'magulu asanu: mavayolini oyamba, mavayolini achiwiri, ma viola, ma cello ndi ma double bass. Ma library ena amakupatsani gulu lililonse palokha. Ena, monga Albion One ya Spitfire Audio, anajambula magulu ataphatikizana, ndiye simungachotsemo viola n'kuipatsa mzere wakewake. Ophatikizawa ndi abwino pothamangitsa ntchito, koma ngati mukufuna kuphunzira kulemba, tengani ya magulu olekana.

Mawu anayi amene mudzakumana nawo pa tsamba lililonse lotsatsa malonda ndi awa. Articulation ndi kaimbidwe: long kapena sustain ndi noti yokoka, spiccato ndi yodumphitsa uta, pizzicato ndi ya chala, tremolo ndi yonjenjemeretsa uta mofulumira. Legato ndi kulumikiza noti ina ndi inzake popanda kudula, ndipo library yabwino imakhala itajambula kamphindi kenikeni kamene chala cha woimba chimachoka pa noti iyi kupita pa iyo. Dynamic layers ndi kuchuluka kwa milingo ya mphamvu imene anajambula. Round robin ndi kujambula noti imodzi kangapo kuti ikamabwerezedwa isamamveke kuti ndi makina.

2. Yang'anani kompyuta yanu musanatulutse ndalama

Ma sample amadya RAM ndi malo. Ndi 8 GB mutha kuyendetsa ma library ang'onoang'ono okha. 16 GB ndi poyambira pabwino, 32 GB ndiye mumapuma bwino. Library muziiika pa SSD, osati pa hard drive yozungulira ija, chifukwa pulogalamu imasunga poyambira pa sample iliyonse mu RAM, zotsalazo imazikoka ku disiki pamene nyimbo ikuyenda. Disiki ikachedwa, manoti amaduka pakati.

Kukula kwake muziwerengeratu, poti bandulo ndi yanu. BBC Symphony Orchestra Discover ndi ma MB mazana ochepa basi. Core, mkulu wake, amapitirira 20 GB. Cinematic Studio Strings imapitirira 30 GB, pamene BBC Symphony Orchestra Professional imadutsa 500 GB. Yomalizayi musailote n'komwe pa intaneti ya pa foni. Potsitsa mumafunikanso malo ochuluka kuposa kukula kwa library, chifukwa mafayilo amabwera opanikizidwa kenako amatambasulidwa.

Msampha umene wagwira anthu ambiri ndi wa Kontakt, pulogalamu yoliza ma library. Pali Kontakt Player yaulere, palinso Kontakt yathunthu yogula, zonse za kampani ya Native Instruments. Library imene sinalembedwe kuti imayenda mu Player idzalira kwa mphindi 15 zokha, kenako zii, pamwamba palembedwa kuti demo. Werengani bwinobwino musanalipire. Spitfire Audio, Orchestral Tools, EastWest ndi Vienna Symphonic Library ali ndi mapulogalamu awoawo oimbira ma library awo atsopano, ndipo awiri omalizawa amafuna akaunti ya iLok, yosungira ziphaso za mapulogalamu.

Palinso zolipira mwezi ndi mwezi, monga ComposerCloud ya EastWest. Zimaoneka zotchipa, koma mwezi umene khadi lanu lakana kulipira madola, mapulojekiti onse amene munagwiritsamo mawu amenewo amakhala duu. Kwa ife amene ndalama zakunja zimavuta, chimenechi n'chofunika kuchiganizira kawiri.

3. Yambani ndi zaulere

Tsitsani BBC Symphony Orchestra Discover. Inajambulidwa ku Maida Vale Studios ku London ndi oimba a okestra ya BBC, ndipo ili ndi magulu onse asanu olekana. Ilibe legato yeniyeni ndipo mlingo wa mphamvu ndi umodzi, koma ya kuphunzirira kagawidwe ka mawu ndi yokwanira. Amene mumalemba pa staff, mizere isanu ya manoti ija, MuseScore 4 yokhala ndi Muse Sounds ndi yaulerenso, ndipo imalumikiza manoti bwino kuposa mmene mungayembekezere. VSCO 2 Community Edition ya Versilian Studios ndi yopepuka kwambiri, imayenda ngakhale pa laputopu yotopa.

Za ma crack, ma library okubawa, ndinenepo mwachidule. Nthawi zambiri amabwera ma sample ena akusowa, kapena ndi mtundu wakale umene legato yake inakonzedwa kalekale, ndipo tsiku limene kasitomala wakunja adzafunse ngati muli ndi chilolezo cha mawuwo mudzangoti kukamwa yasa.

4. Mukafika pogula, funsani mafunso atatu

Loyamba: oimba alimo angati? Spitfire Symphonic Strings ili ndi oimba 60. Cinematic Studio Strings ili ndi 35. Spitfire Chamber Strings ili ndi 16 okha, mavayolini oyamba anayi, magulu enawo atatuatatu. Anthu amathamangira nambala yaikulu poganiza kuti ndiye ubwino wake. Gulu lalikulu limamveka losalala ndi lotakata, koma lili patali. Laling'ono mumamva uta ukukhuza nsambo, ndipo limakhala bwino pansi pa mawu a munthu woimba. Ngati ntchito yanu ndi nyimbo zauzimu kapena afro-pop zokhala ndi ng'oma, besi ndi piyano kale, oimba 60 angodzaza malo amene mulibe.

Lachiwiri: anajambulira kuti? Chipinda chimalowa mu sample ndipo sichichoka. Ma library ambiri a Spitfire anajambulidwa ku Lyndhurst Hall ya AIR Studios, imene kale inali tchalitchi, ndipo noti ikatha mawu amapitirira kuyandama m'mwamba. N'zokoma pa nyimbo yodekha, koma pa biti yothamanga zimasanduka matope. Berlin Strings ya Orchestral Tools inajambulidwa ku Teldex ku Berlin, kumene mawu satalika motero. Ma library akale a Vienna Symphonic Library anajambulidwa m'chipinda chimene anachimanga dala kuti chisamabweze mawu, ndiye ndi ouma, reverb, kubwezeka kwa mawu m'chipinda, mumaika nokha. Youma imafuna khutu lodziwa kusakaniza. Yonyowa imamveka bwino pompopompo koma simungaiumitse.

Lachitatu: legato yake ikumveka bwanji ikakhala yokha? Nyimbo zachitsanzo za pa tsamba la kampani musazikhulupirire kwambiri. Amazipanga akatswiri amene ngakhale library yoipa angaimveketse bwino, ndipo ma strings amakhala atabisala kumbuyo kwa malipenga ndi ng'oma. Pitani pa YouTube musake mavidiyo amene munthu akungoimba patch imodziimodzi, mawu amodzi otsegulidwa mu library, popanda china chilichonse, mumvetsere pamene noti ikusinthira ku inzake.

Mukandifunsa ine, wogula ma strings okha kamodzi atenge Cinematic Studio Strings. Inatuluka mu 2016, inajambulidwa ku Sydney, imayenda mu Kontakt Player yaulere, ndipo legato yake mpaka lero anthu amayezera ma library ena. Mawu ake ndi akuda pang'ono, vibrato, kunjenjemeretsa noti ndi chala, ndi yochuluka, ndiye si aliyense amaikonda. Wofuna okestra yonse pa mtengo umodzi atenge BBC Symphony Orchestra Core. Dikirani kumapeto kwa Novembala, nthawi ya Black Friday, pamene makampani ambiri amatsitsa mitengo. Dziwaninso kuti ambiri sabweza ndalama ndipo salola kugulitsa library kwa munthu wina.

5. Lembani mizere, osati ma chord

Apa ndi pamene phokoso la kiyibodi limachokera. Munthu amatsegula patch imodzi, dzanja lamanzere lagwira manoti awiri, lamanja atatu, onse akuyamba pamodzi n'kutha pamodzi. Palibe okestra imaimba motero.

Inu amene munakulira m'kwaya mukudziwa kale chochita. Soprano ali ndi njira yake, alto yake, tenor yake, besi yake, ndipo wa alto sadumpha uku ndi uko, amayenda pafupipafupi. Ma strings ndi chimodzimodzi: mavayolini oyamba ndi soprano, achiwiri ndi alto, viola ndi tenor, cello ndi besi, ndipo double bass nthawi zambiri amatsatira cello octave imodzi pansi. Tsegulani ma track asanu, gulu lililonse yake, ndipo lililonse mulijambule palokha, noti imodzi pa nthawi. Mukamaliza, imbani mzere wa viola ndi pakamwa. Ngati sukuimbika, ulembeninso.

Chord ikasintha, noti imene ilipo m'ma chord onse awiri isiyeni ipitirire. Kuchoka pa C kupita pa A minor, manoti C ndi E sakuyenera kusuntha, G yekha ndi amene akwere kupita pa A. Kusuntha kochepa kumeneku n'kumene kumamveketsa ma strings kuti ndi osalala.

Malire a pansi muziwadziwa pamtima. Vayolini satsika kupitirira G wa pansi pa middle C, nambala 55 mu MIDI, njira imene kompyuta imawerengera manoti. Viola amathera pa C, nambala 48. Cello pa C, nambala 36. Double bass wamba pa E, nambala 28. Ndalemba manambala dala, chifukwa mayina a ma octave amasokoneza: middle C, amene ndi nambala 60, mabuku ambiri amamutcha C4, Kontakt ndi Cubase amati C3, FL Studio imati C5. Mukaona buku la library likunena C0, musadabwe kumupeza pa C2 mu FL Studio.

Kumunsi siyani mpata waukulu pakati pa manoti, octave kapena fifth. Kumtunda ndiye athinane. Mukathinanitsa manoti kumunsi mumangomva kung'ung'udza. China: mukapatsa mavayolini 16 manoti atatu nthawi imodzi, kompyuta imaliza mavayolini 48, pamene oimba enieni akanagawana, chimene chimatchedwa divisi. N'chifukwa chake ma chord a pa patch imodzi amamveka onenepa mosakhala bwino. Ndipo si lamulo kuti magulu onse asanu aziimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Vesi yoyamba ikhoza kukhala ya cello ndi viola okha, mavayolini n'kudzalowa pa kolasi.

6. Sitepe yovuta: kupuma kwa noti ndi nthawi yake

Woimba vayolini sagwira noti yaitali pa mphamvu imodzimodzi ndendende. Uta uli ndi polekezera, dzanja limalemera n'kupepuka. Kompyuta yokha ndi imene imatha kuimba noti yowongoka, ndipo khutu limaizindikira nthawi yomweyo.

M'ma library ambiri, mphamvu ya manoti okoka siyendera mmene mwamenyera kiyi. Imayendera CC1, amene ndi gudumu la mod wheel la kumanzere kwa kiyibodi, kuyambira 0 mpaka 127. Gudumuli silingokweza voliyumu. Limasinthanitsa ma sample, kuchoka pa amene anajambulidwa oimba akusisita nsambo kupita pa amene akukanikiza uta, ndiye mtundu wa mawu umasinthanso. CC11, amene amati expression, ndiye voliyumu chabe; muzimugwiritsa ntchito pothandizira, makamaka pozimiriritsa noti kumapeto. CC7, wa voliyumu ya track yonse, muikeni pamalo amodzi n'kumusiya.

Tiyerekeze muli ndi noti ya mabiti anayi pa 70 BPM (mabiti 70 pa mphindi), imene imatenga pafupifupi masekondi atatu ndi theka. Yambani CC1 pa 40. Akwere pang'onopang'ono mpaka 75 pofika biti yachitatu, kenako atsike kufika cha m'ma 55 noti yotsatira isanalowe. Mzerewo ukhale wokhota, osati wowongoka. Pamwamba pa timafunde ting'onoting'ono timeneti pakhalenso funde lalikulu la chiganizo chonse: mzere wa mabala anayi uli ndi noti imodzi imene zonse zikulowera, ndipo pamenepo ndi pamene CC1 afike pachimake. Pamwamba penipeni, 110 mpaka 127, musungire malo amodzi kapena awiri m'nyimbo yonse. Ma strings ambiri okoma amakhala pakati pa 30 ndi 80.

Njira yabwino ndi kujambula manoti kaye, kenako kubwereranso n'kujambula gudumu lokha mukumvetsera. Ngati kiyibodi yanu ilibe gudumu, jambulani ndi mausi. Mu FL Studio mutha kutsegula Browse parameters pa pulagini, n'kupeza MIDI CC 1, n'kupanga automation clip. Kapena muike MIDI Out pa port yofanana ndi ya pulaginiyo n'kupatsa kabatani kamodzi nambala 1. Cholakwika chofala ndi kukopera mzere umodzi wa CC1 n'kuupachika pa magulu onse asanu. Akatero onse amapuma nthawi imodzi, ndipo mwabwereranso ku kiyibodi kuja. Gulu lililonse likhale ndi wake, ngakhale asiyane pang'ono chabe.

Tsopano legato. Kuti pulogalamu ilize kamphindi kolumikizira kaja, manoti awiriwo ayenera kulowana: yoyamba ithe yachiwiri itayamba kale. Mu piano roll, zenera loikiramo manoti, talikitsani noti iliyonse pang'ono kuti ipitirire poyambira pa inzake. Mukasiya mpata, ngakhale wochepetsetsa, noti iliyonse imayamba ngati yatsopano. Koma pamene chiganizo chathera, siyani mpata dala, oimba atembenuze uta. Patch ya legato imaimba noti imodzi pa nthawi, ndiye musadabwe ikamameza ma chord anu.

Chimene chimabalalitsa anthu ndi kuchedwa. Kamphindi kolumikizira kaja kamatenga nthawi, ndiye noti yatsopano imamveka mochedwa kuyerekeza ndi pamene mwaiika pa gridi. Mu Cinematic Studio Strings, pa legato yake yokoma kwambiri, kuchedwaku kumayendera velocity, mphamvu yomenyera kiyi: mukamenya mofewa, mpaka 64, ndi pafupifupi 333 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi), pakati, 65 mpaka 100, ndi 250 ms, mwamphamvu ndi 100 ms. Manoti afupiafupi amachedwa ndi 60 ms. Kuti muone kukula kwake, pa 90 BPM biti imodzi ndi 667 ms, ndiye 333 ms ndi theka la biti lathunthu. Munthu amaika manoti bwinobwino pa mzere, n'kumva ma strings akukwawa kumbuyo kwa ng'oma, n'kuyamba kunyoza library.

Mankhwala ake ndi kubweza manoti m'mbuyo kuti adzamveke pa nthawi yake. Ngati library yanu imachedwa mofanana paliponse, ikani negative delay pa track yonse: mu Cubase ndi Logic ili mu inspector, mu Reaper ili pa zenera la routing, pamene palembedwa media playback offset. Koma ngati kuchedwa kumasintha malinga ndi velocity, nambala imodzi siikwana. Chitani motere. Ikani negative delay ya track yonse pa kuchedwa kochepetsetsa, mwachitsanzo 100 ms. Kenako manoti a velocity yapakati muwakokere kumanzere ndi 150 ms ina, ofewa ndi 230 ms. Noti yoyamba ya chiganizo ilibe cholumikizira, ndiye sichedwa ngati zinzake. Musaikokere limodzi nazo. Mu FL Studio gwirani Alt pokoka noti kuti isakakamire pa gridi. Mukatero yatsani metronome, tsekani maso, mumvetsere pamene noti yatsopano yakhazikika, osati pamene yayamba kutsetsereka. Piano roll idzaoneka yosalongosoka, manoti onse atapendekera kumanzere. Mmenemo ndi mmene iyenera kuonekera. Musadzayerekeze kudina quantize, imene imabwezera manoti pa gridi, pambuyo pake.

Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, mabala asanu ndi atatu akhoza kukudyerani madzulo onse. Ma library ambiri sangakuchitireni, ngakhale odula bwanji.

7. Manoti afupiafupi ndi kusintha kaimbidwe

Pa spiccato, staccato ndi pizzicato zinthu zimatembenuka: mphamvu imayendera velocity. Musasiye manoti onse pa 100. Pa kamzere kobwerezabwereza ka manoti asanu ndi atatu, loyamba likhale cha m'ma 95, lachisanu 85, enawo pakati pa 55 ndi 70. Kudumpha kwa nyimbo kumachokera pamenepo.

Kusintha kaimbidwe pakati pa nyimbo kuli ndi njira ziwiri. Ina ndi ma keyswitch, manoti a kumunsi kwenikweni amene salira koma amauza pulogalamu kuti isinthe, ndipo aziikidwa noti yofunikayo isanafike. Chenjerani posintha kiyi ya nyimbo: mukasankha manoti onse n'kuwakweza, ma keyswitch amakwera nawo, ndipo legato yanu imasanduka tremolo. Njira ina ndi track imodzi pa kaimbidwe kalikonse. Imachulukitsa ma track, koma ndi imene ndimalimbikitsa oyamba kumene, chifukwa iliyonse imakhala ndi delay yakeyake.

8. Kusakaniza ndi kutulutsa

Ma library ambiri anajambulidwa oimba atakhala m'malo awo, mavayolini kumanzere, ma cello ndi ma bass kumanja. Pan, yosunthira mawu kumanzere kapena kumanja, musaigwire. Reverb ikhale imodzi pa send, magulu onse azipita komweko, ndipo ngati library ndi yonyowa kale ikani pang'ono kapena musaike. Mayiki owonjezera aliwonse a mu library amene mwayatsa amawonjezera RAM yofanana ndi oyambawo, choncho yambani ndi mix imene kampani inakonza kale, muwonjezere a pafupi pokhapokha ngati mawu akusowa mano.

Ngati m'nyimbo muli gitala ya besi kapena 808, double bass muchotseni kapena mumudule kumunsi, awiriwa sakhalira limodzi. Mavayolini akamalasa m'khutu kapena kulimbana ndi woimba, tsitsani pang'ono pakati pa 2 ndi 4 kHz, koma yambani mwaona ngati CC1 sanakwere mopitirira. Mvetseraninso pa sipika ya foni, poti omvera anu ambiri ali pamenepo, ndipo pa foni cello wa kumunsi amasowa, zotsala ndi viola ndi mavayolini.

Gulu lililonse likatha, litulutseni ngati fayilo ya WAV n'kuisunga pamodzi ndi pulojekiti. Zimapepuza kompyuta, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito kapena library ikadzakana kutseguka chaka chamawa, nyimbo yanu ilipobe. Potulutsa siyani mabala awiri opanda kanthu kumapeto kuti mchira wa reverb usaduke, ndi bala imodzi koyambirira kuti manoti amene munawakokera kumanzere aja akhale ndi poyambira. Mukatulutsa, mvetserani fayiloyo yonse musanatumize, chifukwa kompyuta ikamatulutsa mothamanga disiki imatha kutsalira n'kudumpha manoti ena. Zikatero tulutsaninso pa liwiro lenileni la nyimbo.